Musadule chisoti cha ŵ pa mlandu wa terminal

Abale a ku Chipata, ku Tete, ku Dedza ndi inu muli kutali, pali langizo limene landitopetsa. Munthu akatsegula fayilo ya Chicheŵa pa terminal n'kupeza "MalaÅµi" pamene analemba "Malaŵi", sipalephera kutulukira katswiri womuuza kuti achotse kachisoti ka pa w, ati makina sakadziŵa. Umenewu ndi ulesi wobisala m'dzina la ukatswiri.

Makina amakadziŵa bwino lomwe. Mu UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anaikonza mu 1992, lemba la ŵ limasungidwa ngati ma byte aŵiri, C5 ndi B5. Terminal yoŵerenga mwa Latin-1 imatenga byte iliyonse payokha, n'kutulutsa Å ndi µ. Pa cmd ya Windows yokhala pa code page 437, ma byte omwewo amaoneka ngati ┼╡. Fayilo ili bwinobwino. Cholakwa chili kwa woŵerenga.

Mankhwala ake satenga mphindi. Pa Linux lembani locale, ndipo ngati LANG ikusonyeza C kapena POSIX, ikani export LANG=en_US.UTF-8. Pa cmd lembani chcp 65001. Amene mumaloŵa pa seva kudzera mu PuTTY, pitani pa Translation musankhe UTF-8. Mukaona kabokosi m'malo mwa lemba, ndiye kuti font yanu ilibe ŵ, sinthani font. Choopsa chenicheni ndi kusunganso fayilo idakaoneka yosokonekera, pakuti pamenepo Å ndi µ zimakhazikika m'kati mwake, ndipo buku lonse la munthu limafunika kulichiza.

Ngati wina salemba ŵ chifukwa kwawo saitchula, imeneyo ndi nkhani ya chinenero, tikhoza kukambirana mwaulemu. Koma kuisiya chifukwa cha makonzedwe olakwika a pulogalamu, ayi. Anthu a ku Wales ali nayo ŵ yomweyi m'chinenero chawo, ndipo anaipezera malo m'makina.

Komanso inu olangiza kudula, mudzatani ndi ng'ombe? Kachizindikiro kopindika kamene Word imaika pambuyo pa ng kali ndi ma byte atatu, E2, 80 ndi 99, ndipo Windows-1252 ikakaŵerenga imatipatsa "ngâ€™ombe". Kodi nakonso tikachotse, ng'oma tiziilemba ngoma, dzina la nyama ya m'tchire?