Malire a mankhwala mumkodzo

Ambiri timaganiza kuti kuyeza osewera ngati amwa mankhwala oletsedwa ndi nkhani ya inde kapena ayi, koma pa mankhwala ena bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera, limayang'ana kuchuluka kwake mumkodzo, ndipo malirewo amasuntha. Taonani chamba. Kale mananogalamu 15 pa mililita imodzi anali okwanira kumugwetsa munthu, koma mu 2013 anakweza kufika pa 150, kuti azigwira wosuta pa tsiku la mpikisano, osati amene anakoka fodyayo masabata apitawo. Ine ndikuti anaganiza bwino, chifukwa makina a masiku ano amanunkhiza ngakhale kadontho kosathandiza mwendo kuthamanga. Mu 2011 ku Mexico, anyamata oposa 100 a mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 anapezeka ndi mankhwala oletsedwa a clenbuterol, chonsecho inachokera m'nyama imene anadya. Testosterone yopanga anthu ndiye ilibe chifundo, ikangopezeka basi. Kabange Mupopo wathu, katswiri wa mamita 400, atayezedwa ku London mu 2017 n'kupezeka nayo, anamuletsa zaka zinayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti manambalawa amachokera ku likulu la WADA ku Montreal m'Chingelezi ndi m'Chifalansa, pamene mnyamata wa ku Kapata, wothamangitsa mpira pa bwalo la David Kaunda, amagula mankhwala a chimfine pa famase osadziwa kuti pseudoephedrine nayo ili ndi malire ake. Aphunzitsi a matimu a ku Chipata, Katete ndi Lundazi apatsidwe mndandanda wa mankhwala oletsedwawu m'Chinyanja, chifukwa umasintha pa 1 Januwale chaka chilichonse.

— Wapamzere, mlembi wa zamasewera, Chipata