NKHONGOLE YAKALE NDI LAMULO LA ZAKA 6

Makolo anati mlandu suwola, ndipo mau amenewa akali ndi mphamvu m'dziko la Mfumu Mphuka, m'boma la Luangwa limene kale linali kuchedwa Feira. Koma pa nkhongole ya kusitolo kapena ya makampani okongoza ndalama, lamulo la dziko linena zosiyana, ndipo anthu a m'midzi ayenera kulidziwa.

Dziko la Zambia litsata lamulo locokera ku Britain lochedwa Limitation Act la caka ca 1939. Lamuloli lipatsa wokongoza zaka 6 zakuti akasume ku khoti, kuwerenga kucokera pa tsiku limene nkhongole inayenera kubwezedwa. Motero msodzi amene anatenga ukonde kapena wailesi mu 2015, nalonjeza kulipira caka comweco, ali ndi codzitetezera ngati mwini sitolo amsumira lero.

Lamuloli nlanzeru. Pakapita zaka zambiri malisiti amadyewa ndi ciswe, mboni zimamwalira, ndipo ciwongola dzanja cimakula kuposa mtengo wa cinthu comwe. Wokongoza amene anagona zaka zonsezo sayenera kudzidzimutsa banja losauka ndi samani.

Komabe pali misampha iwiri. Woyamba ngwakuti munthu akasaina kalata yobvomera nkhongoleyo, kapena akapereka ngakhale K10 yokha, zaka 6 zija ziyamba kuwerengedwanso. Nchifukwa cace otolera nkhongole amapempha mofatsa kuti munthu aperekeko pang'ono cabe. Waciwiri ngwakuti woimbidwa mlandu ayenera kupita yekha ku khoti kukanena kuti nthawi inatha. Wobisala ku dimba samani itabwera angagonje pa mlandu umene akanapambana.

Kunena zimenezi sikulimbikitsa cinyengo ai. Lamulo litseka khomo la khoti, koma silifafaniza nkhongole. Wamalonda amene anakongoza ufa pa cilala ca 2024 akanyengedwa, sadzakongozanso aliyense njala ikadzabweranso, ndipo mudzi wonse ndiwo udzabvutika. Amene adziwa kuti anatengadi, ndipo ali nazo, abweze.

Cofunika ncakuti banja lirilonse lisunge malisiti pouma, lilembe tsiku limene linatenga cinthu ndi tsiku limene linalipira komaliza. Pepala la nkhongole yakale likabwera, munthu asafulumire kusaina kapena kudinda cala. Ayambe wafunsa kalaliki wa khoti pa boma, kapena a Legal Aid Board amene athandiza anthu osakhoza kulipira loya.