Ine Wanga ndi John Gray Kufa

Pa 15 Januwale chaka chilichonse timakumbukira Mbusa John Chilembwe, ndipo nkhope yake ili pa ndalama zathu. Nkoyeneradi. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ine mtima wanga uli pa mnzake amene sitimtchula kawirikawiri, John Gray Kufa.

Bamboyu anaphunzira ku Mishoni ya Blantyre, nakhala dikoni ndiponso wothandiza madokotala, munthu wodalirika kwa azungu a mishoni. Anali ndi munda wake waukulu ku Nsoni, m'boma la Chiradzulu. Akanafuna, akanadya zake phee mpaka kukalamba, anzake akulira ndi thangata m'minda ya azungu ngati ya ku Magomero. Koma mu Januwale 1915 anagwirizana ndi Chilembwe poukira atsamunda. Zitalephereka, boma linamugwira ndi kumupha.

Ndimamukonda chifukwa anali ndi zambiri zoti ataye, nazitayadi. Anzanga, ambiri a ife sitidzatchuka ngati Chilembwe, koma funso la Kufa likutikhudza tonse ophunzira: kodi maphunziro athuwa adzatchinjiriza ife tokha, kapena ndi osauka omwe? Aphunzitsi a mbiri yakale, chonde musamulumphe munthuyu.