Mawu akasasa masabata 3, musamangoti ndi chimfine

Amalume anga ankaimba besi m'kwaya ya kumudzi. Chaka china mawu awo anayamba kusasa. Tonse tinkangoti ndi chimfine. Iwo ankamwa mandimu ndi jinja, kwinaku akupitiriza kusuta chingambwe chawo. Pamene ankapita kuchipatala, patadutsa miyezi yambiri, nsima inali itayamba kuwavuta kumeza. Adokotala anapeza khansa ya m'kholingo. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chizindikirocho ndinkachimva ndi makutu angawa, ine mphunzitsi wa fizikisi, koma osachitengera.

Tagwirani pakhosi panu, munene kuti "aaa". Mukumva kunjenjemera? M'kholingo muli timinofu tiwiri tokhala ngati zingwe. Mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa pakati pake, timanjenjemera, ndipo mawu amatuluka. Kwa bambo wamkulu timanjenjemera pafupifupi ka 120 pa sekondi, kwa mayi kuposa ka 200.

Tsopano tengani lastiki, muikoke, muilize ndi chala. Kenako mumatepo kachingamu pakati, muilizenso. Kulira kwake kwasintha, eti? Kanthu kakang'ono kawonjezera kulemera, ndiye lastiki sikunjenjemeranso bwino. Chotupa chikamera pa timinofu tija chimachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake khansa ya pamenepa imadziulula msanga, chotupa chidakali chaching'ono. Ikapezeka nthawi imeneyo, ambiri amachira, ndipo nthawi zambiri mawu awo amapulumuka.

Ndisakuopsezeni. Kusasa mawu kwambiri si khansa ayi. Ineyo ndikakuwa m'kalasi tsiku lonse ndimasasa, koma pakatha masiku ochepa mawu amabwerera. Chofunika kuyang'ana ndi nthawi. Mawu akasasa kupitirira masabata 3, munthu apite akamuone adokotala. Zizindikiro zina ndi kupweteka kapena kuvutika pomeza, chotupa pakhosi chomwe sichikuphwa, khutu limodzi kuwawa osasiya, kutsokomola magazi, kubanika ndiponso kuwonda popanda chifukwa. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi osuta fodya ndi omwa mowa kwambiri, makamaka ochita zonse ziwiri. Kachilombo ka HPV nakonso kamayambitsa khansa zina za pakhosi.

Anthu ambiri amaopa kuyezedwa chifukwa sadziwa zomwe zimachitika. Kuno kwathu angayambe ndi kuyeza makhololo, popeza TB nayonso imasasitsa mawu. Pofuna kuona m'kholingo, dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, monga omwe ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre, amalowetsa kapaipi kowonda, kofewa, kudzera m'mphuno. Mkati mwake muli tiulusi ta galasi tonyamula kuwala. Mukukumbukira total internal reflection? Ndi yomweyo: kuwala kumangogunda m'mbali mwa kaulusi n'kubwerera mkati, ngakhale kapaipiko kapindike. Zimatenga mphindi zochepa, munthu ali maso. Akaona chokayikitsa amadulako kachidutswa kakang'ono n'kukakaunika pa maikulosikopu. Ndi kuyeza kumeneku komwe kumatsimikiza ngati ili khansa. Sikani ya CT imaonetsa ngati yafalikira.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, thiransipoti ndi yodula, komanso ine mwana ndingawauze bwanji agogo zopita kuchipatala?" N'zoona. Koma ulendo woyamba ndi wa kuchipatala chapafupi basi, ndipo akaona kuti n'kofunika amakutumizani ku chachikulu. Kuchedwa ndiko kumadula kwambiri. Za ulemuzo, simukuwalamula ayi. Mukhoza kungoti, "Agogo, mawu anuwa asasa kuyambira mwezi watha. Bwanji ndikuperekezeni akakuoneni?" Ngati n'zovuta, uzani amayi kapena amalume.

Ndiye mukabwerera kunyumba holide ino, mvetserani bwino mawu a akuluakulu. Mukamva osasa, lembani tsikulo kumapeto kwa kope lanu. Masabata 3 akakwana osasintha, lankhulani. Ndipo ndudu ija anzanu akukupatsani kuseri kwa hositelo, ikaneni.