Zocheza za Pabanja: Ulendo wa Pansi wa kwa Chembe

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za ulendo umene banja langa linayenda pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, kuchokera ku Monkey Bay kukafika ku mudzi wa asodzi wa Chembe, kumene ambiri amakudziwa ndi dzina loti Cape Maclear.

Ndiulule poyamba kuti ulendowu sindinaukonze kaamba kokonda nyanja. Mnyamata wanga wachiwiri analephera mayeso a Fomu 4 chaka chatha, ndipo kuyambira tsiku limene zotsatira zinatuluka, anasanduka mlendo m'nyumba ya atate wake. Amati akadya msangamsanga, nkukadzitsekera kuchipinda ndi foni yake. Ine amene ndaphunzitsa ana a eni zaka zoposa 30 ndinasowa pogwira, pakuti ndikati ndimuyankhule, pakamwa panga pankatuluka ulaliki wokhawokha. Mayi ake ndiwo anandiuza tsiku lina kuti, "Bambo, mwanayu simungamuthe muli pampando. Tiyeni tipite naye koyenda." Ndinakumbuka kuti pa Deuteronomo 6:7 njira imatchulidwa ngati amodzi a malo ophunzitsirapo ana, ndipo ndinavomera.

Tinagona ku Monkey Bay tili anayi: ine, mayi, mnyamatayo ndi mzime wathu wamkazi wa zaka 11. Tauni imeneyi ndi kwao kwa sitima ya Ilala, imene zitsulo zake zinasulidwa ku Scotland nkudzalumikizidwa pa dooko lomweli, niyamba kuyenda pa nyanja mu 1951. M'mawa kusanatenthe tinakwera galimoto. Msewu wa kwa Chembe umapatuka pa msewu wa ku Mangochi, ndipo kuchokera pamphambano ndi makilomita pafupifupi 18 a zitunda ndi zigwa. Banja la ana aang'ono lisayese kuuyenda wonse pansi. Ife tinatsika pa Mwala wa Mphini, mwala waukulu wokhala ndi mizere yonga mphini zimene agogo athu ankatema pankhope, ndipo tinayambira pamenepo kuyenda.

Mbali iyi ya msewu imadutsa m'nkhalango ya Lake Malawi National Park, imene boma linaikhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Anyani ndi ambiri, ndipo alibe manyazi. Wonyamula nthochi aziike m'chikwama. Mtsikana wathu ankathamangira kutsogolo nabwereranso, kufunsa dzina la mtengo uliwonse. Mkulu wake ankatsalira m'mbuyo, manja ali m'thumba. Ndinachepetsa liwiro kufikira tinayamba kuyenda mofanana, koma ndinadziletsa kunena kanthu. Kwa mphunzitsi, kukhala chete ndi ntchito yolemetsa koposa kunyamula katundu.

Titatsika zitunda, nyanja inaonekera, chilumba cha Domwe chili kudzanja lamanja, cha Thumbi chili patsogolo. Mudzi wa Chembe watambalala m'mbali mwa mchenga, ndipo kuuyenda kuchokera mbali ina kufikira inzake ndi phunziro loposa mabuku amene timawerengetsa ana m'kalasi. Usipa unali utayanikidwa pa mathandala a bango, amayi akuutembenuza. Abambo anali pamthunzi kusoka maukonde a chilimira. Bambo wina wachikulire anatilongosolera kuti usipa amaupha usiku wopanda mwezi: bwato lina limayatsa nyali kuti nsomba zisonkhane, ena nkuzungulira ndi ukonde. Anadandaula kuti mwera unawatsekereza kumtunda masiku atatu sabata imeneyo. Apa mpamene ndinamva mau a mwana wanga koyamba tsiku limenelo. Anafunsa kuti, "Nanga agogo, mukapita usiku wonse osapha kanthu mumatani?" Nkhalambayo inaseka niyankha kuti, "Timayanika ukonde, mdzukulu wanga. Ukauma timapitanso."

Chenjezo limodzi kwa makolo: madzi osaya a pafupi ndi mudzi ali ndi nkhono zofalitsa likodzo. Ana adzakukakamizani kuti asambe. Akasamba, musalekerere, kafunseni kuchipatala za mankhwala ake mukabwerera kwanu.

Kumapeto kwa mudzi, chakumadzulo, kuli chipata cha paki kumene amalipiritsa kangachepe. Pafupi pomwepo, patsinde pa phiri, pali manda amene mkhristu aliyense wa CCAP ayenera kuwaona kamodzi pa moyo wake.

Mbiri yake ndi iyi. Pa 12 Okotobala 1875 sitima yaing'ono, imenenso inkatchedwa Ilala, inalowa m'nyanja yathu kuchokera mu mtsinje wa Shire. Anthu mazanamazana anali ataisenza zidutswazidutswa pamitu kulambalala mathithi a mtsinjewo. Mtsogoleri wa ulendo anali E. D. Young, ndipo m'gululo munali dokotala wachinyamata, Robert Laws, ndi Henry Henderson amene pambuyo pake anakasankha malo a mishoni ya Blantyre. Mfumu Mponda inawalola kukhala, ndipo anamanga mishoni yoyamba ya Livingstonia pa gombe lomweli, limene David Livingstone analitcha dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Malowo anali okongola, dooko lake labwino, koma matenda anawagwira. Masiku amenewo panalibe wodziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu. Ronald Ross anadzatulukira zimenezi mu 1897. Mu 1877 anaika Dr. William Black. Chaka chomwecho anaika Shadrach Ngunana, mphunzitsi wa mtundu wa Axhosa amene anabwera kuchokera ku Lovedale mu 1876 pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo awiri. Ndimadandaula kuti dzina la mphunzitsi mnzanga ameneyu, Mwafirika ngati ife, silimveka kawirikawiri m'makalasi athu a chilangizo ndi Sande Sukulu.

Pofika 1881 manda anali asanu, ndalama zoonongedwa zinali pafupifupi mapaundi 20,000, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 Laws anakayamba ntchito ku Khondowe. Namalambe anatsala pa Cape Maclear kuyang'anira sukulu ndi mapemphero.

Zonsezi ndinazifotokoza titaimirira pamandapo, ndipo ndivomere kuti ndinali nditayamba kukoma nazo monga achitira aphunzitsi. Mnyamatayo anandidula. "Bambo, ndiye kuti analephera?" Ndinatsala pang'ono kumuyankha ndi mndandanda wa masukulu, zipatala ndi masinodi amene anatuluka m'ntchito imeneyo. Mayi ake anandiyang'ana, ndipo ndinameza mauwo. Ndinangoti, "Pa malo ano, inde, mwana wanga. Anachita kusamuka, nasiya anzao m'nthaka." Iye anakhala nthawi yaitali akuwerenga maina. Kenaka ananena, osandiyang'ana, kuti chimene chinkamupweteka si mayeso okha ayi, koma kuti ankaganiza kuti ine, monga mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi, ndimachita naye manyazi pamaso pa anthu. Sindinathe kukana kotheratu, chifukwa munali choona m'mau akewo. Ndinampempha kuti andikhululukire. Sindikudziwa ngati atate anga akanatero kwa ine, koma tsiku limenelo sizinandivute monga ndinkaopera.

Kuchokera pamanda, kanjira kamapitirira m'mbali mwa nyanja kukafika ku Otter Point, dzina lochokera kwa akatumbu. Ndi mtunda waufupi, woti ngakhale mwana wa Sitandade 1 akhoza kuuyenda. Pamenepo madzi ndi oyera ngati galasi, ndipo pakati pa miyala pamasewera mbuna, tinsomba ta mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yamizeremizere, timene anthu amachokera kutali kudzationa. Kupha nsomba nkoletsedwa pa mamita 100 kuchokera ku gombe la paki, nchifukwa chake sizithawa munthu. Tinakhala pa mwala nkudya mbatata yathu yophika, nkhwazi ikulira pamwamba pa mitengo.

Pobwerera m'mudzi mayi anagula usipa wouma wodzaza ndowa yaing'ono, ndipo mnyamatayo anaunyamula yekha osauzidwa. Tili kudikira galimoto ya ku Monkey Bay, anandifunsa ngati kulembetsa mayeso kachiwiri kumafuna ndalama zambiri. Ndinamuuza kuti ndikafunsa sukulu zikatsegulidwa. Mchemwali wake anali atagona kale pamiyendo pa mayi ake, mapazi ali mchenga wokhawokha.