MWAMBO WA MLENDO M'CIPINDA CA OYENDETSA NDEKE

M'ndeke zazikulu zonyamula anthu aulendo, cipinda ca oyendetsa ciri kutsogolo kweni-kweni. Kaputeni amakhala kumanzere, womthandiza kumanja. Kumbuyo kwa awiriwa kuli kampando kopinda kamene m'Cingerezi amakacha jumpseat. Pamenepo pamakhala woyang'anira wa Boma wodzaona nchito, kapena mphunzitsi woyesa oyendetsa, kapenanso woyendetsa ndeke amene sali pa nchito koma afuna kukafika kumene ndeke yake ikumdikira. Wacitatuyu ndi mlendo wopempha malo, ndipo mwambo wa kampandoka umagwira iye makamaka.

Anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi sangadabwe nao mwambowu. Caka ndi caka m'mwezi wa August mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba. Mfumu imene kwao imaweruza milandu, ikafika pamaso pa Kalonga Gawa Undi imadzicepetsa. Momwemonso mlendoyu, angakhale wayendetsa ndeke zaka zambiri, m'cipindamo mwini mudzi ndi kaputeni wa ulendowo, ngakhale akhale wamng'ono kwa iye.

Cotero coyamba ndi kuodira. Mlendo amafika nthawi ikalipo, atabvala bwino, nadzichula dzina kwa kaputeni. Amaonetsa laisensi yake, kalata ya dokotala ndi citupa ca kampani, napempha malo mwaulemu. Kaputeni akakana, palibe mlandu ndipo palibe kukangana. Woyang'anira wa Boma akafuna kampandoko, mlendo amamsiyira. Mowa ndi woletsedwa kwa iye monga kwa oyendetsa eni ake, pakuti amawerengedwa ngati mmodzi wa anchito a m'ndekemo.

Atakhala pansi amauzidwa mamangidwe a lamba, pamene pali copumira mpweya ca pa ngozi, ndi potulukira. Foni yake amaizimitsa. Dzanja lake silikhudza kanthu kali konse asanauzidwe. Nkhani nazo ziri ndi nthawi yake. Mu 1981 Boma la America linaika lamulo lakuti ponyamuka, potera, ndiponso pokwera kapena potsika ndeke iri pansi pa mafiti 10,000, m'cipindamo musamveke nkhani zosakhudza ulendo. Makampani a maiko ambiri anatengera lamuloli, cifukwa nthawi zimenezi ndizo zifuna maso ndi makutu onse a oyendetsa.

Koma kukhala cete sikugona ai. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Wokhala kumbuyo manja ake ali pabe, motero amaona zimene otanganidwa sangaone. Pa 28 October 2018 ndeke ya Boeing 737 MAX ya kampani ya Lion Air, pocoka ku Denpasar kupita ku Jakarta m'dziko la Indonesia, inayamba kuweramitsa mphuno yake yokha. Woyendetsa wina amene anali pa kampando anazindikira kuti makina ndiwo anali kuikankhira pansi. Eni ndeke anazimitsa magetsi a makinawo ndipo anatera bwino. M'mawa mwake ndeke yomweyo, iri ndi oyendetsa ena opanda wacitatu, inagwa m'nyanja ndi bvuto lomwelo, ndipo anthu 189 anafa. Nkhaniyi iphunzitsa kuti mlendo akaona ngozi ayenera kunena msanga, ndi mau ocepa omveka, koma cocita acisiyire kaputeni.

Kalumo komweko kangathenso kuceka mwini nyumba. Pa 22 October 2023 woyendetsa wina anapatsidwa kampando m'ndeke ya Horizon Air ku America, yocoka ku Everett kupita ku San Francisco. Ali m'mlengalenga anagwira zogwirira zozimitsira injini pa ngozi ya moto, nayamba kuzikoka. Oyendetsa anamgwira manja, namturutsa m'cipindamo, nakatera ku Portland anthu onse ali amoyo. Pambuyo pake iye anauza apolisi kuti anali asanagone pafupi-fupi masiku awiri ndi kuti anadya bowa wozunguza mutu. Nzosadabwitsa tsono kuti kaputeni amayang'ana zitupa ndi nkhope ya mlendo asanamlole. Ndipo kucokera pa zigawenga za pa 11 September 2001, citseko ca cipindaco cimakhala cokhoma pa ulendo, ndi ololedwa kulowamo anacepa ndithu.

Ndeke ikatera, mlendo amadikira kufikira injini zitazima ndi nchito yonse itatha, ndipo pamenepo ndi pamene amathokoza kaputeni ndi anchito ake.

Ambiri a kuno kum'mawa sadzakhalapo pa kampandoka, koma ambiri amakhala pafupi ndi dalaivala wa basi kapena lole pa mseu waukulu wa ku Lusaka. Mwambo wake ndi womwewo. Pa makhwawa ndi zitunda za ku Luangwa wokhala kutsogolo asacurutse nkhani, koma akaona ng'ombe pa mseu, kapena dalaivala akuodzera, anene pomwepo.