Marani amenewo anawapeza kuti?

Ophunzira athu akamatsutsana za akatswiri a kiriketi amangothamangira kuwerenga marani. Ine ndimayamba ndafunsa komwe munthuyo anawapeza.

Mahela Jayawardene wa ku Sri Lanka ndi Younis Khan wa ku Pakistan aliyense anakwanitsa marani 100 maulendo 34 m'masewero a Test. Pa chiwerengero chonse Jayawardene ali patsogolo, 11,814 kwa 10,099. Koma maulendo 11 mwa 34 akewo anali pabwalo limodzi, la SSC ku Colombo, pomwe nthaka ankaidziwa ngati dimba la kwawo.

Nthakayo si nkhani yaing'ono. Ku Asia imauma ndipo mpira umapotoka ukagunda pansi. Ku England umakhota uli m'mwamba, pomwe ku Australia umanjanja mpaka pachifuwa. Womenya mpira akafika kwa eni amakhala ngati akuyamba kuphunzira.

Zigawenga zitawombera basi ya timu ya Sri Lanka ku Lahore mu 2009, matimu anasiya kupita ku Pakistan. Younis sanasewerenso Test kwawo mpaka anapuma mu 2017. Ena adzati ku Dubai ndi Abu Dhabi, komwe Pakistan inkalandirira alendo, nthaka ndi yofanana ndi ya kwawo. Zoona, koma nanga marani 218 aja ku The Oval mu 2016, ali ndi zaka 38? Anafika pa 100 m'maiko 11.

Jayawardene ankasangalatsa kumuonera, sindikana. Koma timu ikamakwera ndege, ine ndingatenge Younis.